Kavalo Amene Amayesedwa ndi Khutu

Pa zionetsero za akavalo ku Puerto Rico, pakati pa bwalo amayala matabwa aatali. Kavalo wa mtundu wa Paso Fino akapondapo, oweruza amatchera khutu. Ziboda zinayi ziyenera kugunda chimodzichimodzi, mpata wake wofanana: chakumbuyo cha kumanzere, chakutsogolo cha kumanzere, kenako za kumanja chimodzimodzi. Kulira kwake kumamveka taka-taka-taka, ngati mashini a telala wa pakhonde. Mwendo umodzi ukangochedwa pang'ono, thabwa limaulula.

Mlendo wokwera kavaloyu m'mphepete mwa nyanja ku Isabela, kumpoto chakumadzulo kwa chilumba cha Puerto Rico, samva kugundako chifukwa mchenga umameza phokoso. Iye amangodabwa kuti msana sukupweteka. Kavalo wamba akamathamanga pang'onopang'ono amanyamula miyendo iwiriiwiri, wakutsogolo pamodzi ndi wakumbuyo wa mbali ina. Pamakhala kamphindi kamene thupi lonse lili m'malere, ndipo likamatera wokwera amadumphitsidwa pachishalo. Paso Fino sachoka pansi ndi miyendo yonse. Nthawi zonse pali chiboda chimene chaponda, motero miyendo imagwira ntchito pansipo koma msana uli phee. Ngakhale gogo amene sanakwerepo kavalo amatha kuyang'ana mafunde mtima uli m'malo.

Mayendedwe amenewa kavalo amabadwa nawo. Makolo ake anabwera ndi anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500, ndipo alimi a pachilumbachi anapitiriza kusankha amene sankatopetsa munthu poyendera minda. Wotchuka kwambiri ndi Dulce Sueño, kavalo wamphongo wa ku Guayama, amene magazi ake ali mwa akavalo ambiri a mtunduwu, ndipo tauniyo imachita chikondwerero chotchedwa dzina lake. Mu 2012 asayansi a ku Uppsala, m'dziko la Sweden, anapeza kuti kusintha kwa jini yotchedwa DMRT3 kumathandiza akavalo ena kuyenda mwa njira zoterezi.

Koma ine amene ndimamugomera ndi wophunzitsa. Chibadwa chimangopereka mbewu. Kavalo akatopa, akachita mantha kapena akakokedwa pakamwa mwankhanza, miyendo imasokonezeka, nayamba kuponda iwiriiwiri. Wophunzitsa waluso sathamangira kuika chitsulo m'kamwa mwa kavalo wamng'ono. Amayamba ndi jáquima, chingwe chachikopa chozungulira mphuno, mpaka kavalo atazindikira dzanja lopepuka. Kenako amamuphunzitsa kusunga mpata umodzimodzi uja pa liwiro losiyanasiyana: paso corto, wa ulendo wautali, ndi paso largo, wofulumira. Wachitatu, fino weniweni, ndi wa pabwalo la zionetsero: miyendo imapita mofulumira kwambiri pamene kavaloyo akungosendera patsogolo pang'onong'ono. Ndi wokongola, inde, koma wa kugombe ndi corto.

Kugombeko kulinso nzeru zake. Mchenga wouma, umene chiboda chimatitimira, umatopetsa mitsempha ya miyendo ndipo umaononga mayendedwe. Wotsogolera alendo wodziwa ntchito amadutsitsa akavalo pa mchenga wonyowa ndi wolimba, pomwe funde langochoka kumene, ndipo amasankha nthawi imene madzi abwerera. Popanda thabwa lomuuza, amamva ndi m'chiuno mwake kuti mwendo wina wayamba kutsalira, nachepetsa liwiro la gulu lonse alendo asanazindikire kalikonse. Akabwerera kukhola, amatsuka miyendo ya akavalo ndi madzi opanda mchere, amachotsa mchenga pansi pa chishalo kuti usanyule khungu, ndipo amadzoza zikopa za chishalo ndi zingwe mafuta, chifukwa mchere umazilimbitsa mpaka kung'ambika.

Mukadzafika ku Isabela n'kukwera mmodzi wa akavalowa, musakoke zingwe ngati mukuopa kugwa. Khalani mowongoka, manja akhale opepuka, ndipo mukatsika mufunse amene anamuphunzitsa kuti mumuthokoze.