Zimene dzina la B760M likunena kwa wogula kompyuta

Pa bokosi la motherboard ina ya kampani ya MSI panalembedwa kuti PRO B760M-A WIFI DDR4. Maso a wogula amathamangira pa WIFI, poti ndi mawu amene amawadziwa kale. Koma nkhani yagona pakati, pa B760.

Limeneli ndi dzina la chipset ya Intel, kachipangizo kamene kamayang'anira mapoti a USB, malo olumikizapo ma SSD ndi zina zotero. Inatuluka mu Januwale 2023. Chilembo B chikusonyeza kuti ndi ya gulu lapakati. Pansi pake pali H610, imene kawirikawiri imabwera ndi mipata iwiri yokha ya RAM. Pamwamba pali Z790, imene imalola mwini wake kukankha purosesa yokhala ndi K kumapeto kwa dzina kuti ithamange kuposa mmene anaipangira. B760 imalola kukankha RAM yokha. Ine ndimaona kuti munthu wolemba makalata, wowerengera ndalama za bizinesi kapena wokonza zithunzi za ukwati sataya kanthu akaisiya Z790 pa shelefu. Purosesa ngati Core i5-12400 sichita changu chifukwa chokhala pa chipset yodula. Ndalama zowonjezerazo zimagula malo oti mudzalumikizepo zinthu m'tsogolo.

M wotsatirayo akunena za kukula kwa bolodi: micro-ATX, mamilimita 244 mbali iliyonse. PRO ndi A ndi mayina a malonda chabe.

Mawu omaliza, DDR4, amene akunena za mtundu wa RAM, ndi amene angakulizeni mukawadumpha. Mabolodi a B760 alipo a mitundu iwiri, ena a DDR4, ena a DDR5, ndipo bolodi la DDR4 ngati ili sililandira DDR5. Kampata kodulidwa kunsi kwa RAM kali pa malo osiyana, choncho ngakhale mukakamize bwanji, siilowa. Amene ali ndi RAM ya DDR4 yochokera m'kompyuta yakale, zilembo zinayizi zamupulumutsira ndalama. Amene akuyamba wopanda kalikonse aganize kawiri, chifukwa makompyuta atsopano asamukira ku DDR5.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti dzinali silitchula soketi, mpando umene purosesa imakhalapo. B760 imayendera limodzi ndi LGA1700, imene imalandira mapurosesa a Intel Core a m'badwo wa 12, 13 ndi 14, n'kuthera pomwepo. Ma Core Ultra 200S, amene anatuluka mu Okutobala 2024, amafuna LGA1851. Dzinali silitchulanso Intel, ndipo apa munthu angasokonezeke mosavuta: B650 ikumveka ngati m'bale wake wa B760, chonsecho ndi ya AMD, ya soketi ya AM5, ndipo imalandira DDR5 yokha. Musanapereke ndalama, wogulitsa akuwonetseni dzina la soketi pa bokosi la bolodi ndi pa bokosi la purosesa, muone ngati akufanana.