Overdrive ya Lidi ya ku Chilobwe

Mnyamata wa ku Chilobwe akayamba kuidziwa gitala ya lidi, mtima umathamangira ku timabokosi toponda ndi phazi timene amationa pa YouTube, makamaka ka overdrive, kosasitsa mawu a gitala. Palibe cholakwa pamenepo. Vuto n'lakuti ambiri amasankha ndi khutu la nyimbo za rock, chonsecho Loweruka aimba pa ukwati, Lamulungu m'tchalitchi kumbuyo kwa kwaya ndi makiyibodi awiri.

Ampu zakale za mavavu zikakwezedwa kwambiri, mawu ankayamba kusweka mokoma. Boss OD-1 ya 1977 ndi Ibanez Tube Screamer ya 1979 anazipanga kuti woimba apeze kuswekako popanda kugonthetsa anthu. Koma ampu ya mavavu ku Chilobwe, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe muipeza kwa yani? Kwathu kuno waya wa gitala kawirikawiri amangolunjika ku mikisa. Apa m'pamene pagona nkhani. Sipika ya ampu ya gitala imameza mawu osongoka a pamwamba, pomwe masipika a m'tchalitchi amawatulutsa onse. Overdrive ngakhale ikhale yabwino bwanji, ikalowa ku mikisa popanda kachipangizo kotsanzira sipika ya gitala, imalira mobaya m'makutu. N'chifukwa chake multi-effects ya Zoom yotsika mtengo, yokhala ndi kotsanzirako, imagwira bwino ntchito kuno kuposa kabokosi ka overdrive ka ndalama zambiri koimikidwa pakokha.

Ndiye pali kaimbidwe kathu. Mverani lidi ya m'nyimbo za Robert Fumulani wa ku Chileka, za Alleluya Band ya ku Balaka, ngakhale sungura ya Alick Macheso imene timavina pa zinkhoswe. Kukoma kwake n'kwakuti nsambo iliyonse imamveka payokha, mbee! Timakonda kukhudza nsambo ziwiri pamodzi, zala zikuthamanga cha kumunsi kwa gitala. Drive ikachuluka, mawu awiriwo amamenyana n'kubala ena amene woimba sanawaitane, ndipo kanyimbo kamene kamayankha woimba patsogolo kamasokonekera. A Paul Ngozi ndi a WITCH ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 ankasasitsa gitala kotheratu ndipo zinkakoma, chifukwa nyimbo zawo anazimanga pa mawu amenewo kuchokera pa maziko. Zathu zambiri zimafuna overdrive ngati mmene ndiwo zimafunira kambuzi: kamveke, koma ndiwo zikhalebe ndiwo.

Ine kusankha kwanga kuli pa Tube Screamer, kobiriwira kaja. Kamachepetsa mawu a pansi n'kukweza a pakati, cha m'ma 720 Hz, kotero lidi imadutsa pakati pa bezi ndi kiyibodi popanda kulimbana ndi kwaya. Boss SD-1 yachikasu ya 1981 ndi m'bale wake, ingokhala yolusirapo. Blues Driver ya buluu ya 1995 imamvera dzanja kwambiri, ukakhudza mofatsa imayera, koma pa mikisa mawu ake a pamwamba amapweteka. DS-1 ya olenji ija musapusitsidwe nayo, ndi distortion osati overdrive. Thumba likakhala lopepuka, Joyo ndi Behringer amapanga zotengera Tube Screamer, ndipo pakati pa bandi ndi ochepa angasiyanitse.

Pogula, nyamulani gitala yanu ndipo yesani pa zida zimene mumaimbira. Drive ilozetseni pa 9 koloko, level muikweze, kenaka imbani nsambo ziwiri mofatsa, mubwerezenso mwamphamvu. Ngati zonse ziwiri zikumvekabe, kabokosiko n'kanu. Musaumire pa adaputa ya 9V, yachisawawa imang'ung'udza mpaka m'busa kucheuka. Ndipo achimwene a lidi, vesi ikamaimbidwa zimitsani overdrive, mwayi woiponda ubwera pa solo.