Piyano Yolakwika, Mbali Zinayi: The Köln Concert Yabweranso pa Vinyl

Pali zimbale zimene zinapwetekedwa ndi kutchuka kwake, ndipo The Köln Concert ya Keith Jarrett ndi chimodzi mwa izo. Chimalira m'malesitilanti ndi m'mafilimu, mpaka tinazolowera kuchimva osachimvetsera. Ndiye ECM itachitulutsanso pa vinyl ya magalamu 180, funso langa linali ili: n'kwanzeru kugula nyimbo imene ili kale pa foni?

Mbiri yake mwachidule. Pa 24 January 1975, Jarrett anafika ku Cologne atatopa, msana ukumuwawa, atayenda pagalimoto kuchokera ku Switzerland. Anapempha piyano yaikulu ya Bösendorfer, koma anapeza kakang'ono koyeserera, mawu ake apamwamba owuma, apansi opanda mphamvu. Anafuna kukana kuimba, koma Vera Brandes, mtsikana amene anakonza konsatiyo asanakwanitse zaka 20, anam'chonderera. Anayamba cha m'ma 11:30 usiku, opera itatha, nyimbo akupeka pompo.

Kulemala kwa piyanoko n'kumene kunaumba chimbalechi. Jarrett anakhazikika pakati pa makiyi, dzanja lamanzere likubwereza kayimbidwe kamodzi ngati ng'oma, lamanja likuyendayenda pamwamba. Mu Part I muli chigawo chachitali chimene amangosinthana makodi awiri basi, koma sutopa nacho, chifukwa akabwerera amabwera ndi kanthu kena. Kubuula kwake kumamveka, phazi likugunda pansi. Ena zimawanyansa. Ine ndimati ndi umboni wakuti nyimboyi inabadwa ndi thukuta.

Nanga vinyl ikuwonjezera chiyani? Tinene zoona: pa kamvekedwe, osati zambiri. Part I ndi ya mphindi 26, ndipo kuzipanikiza mbali imodzi kumafuna kuti mizere ithinane ndiponso mawu atsitsidwe. Singano ikayandikira pakati, mawu apamwamba owuma aja amakanda khutu. Part II inaduka pakati, IIa ndi IIb, osati chifukwa Jarrett anaima, koma chifukwa mbali inatha. Mbali yachinayi ili ndi IIc yokha, kanyimbo kowonjezera pomaliza, kosakwana mphindi 7. Kulemera kwa mbaleyo kumathandiza kuti isapindike, koma sikukonza piyano. Amene angakuuzeni kuti vinyl imaisandutsa Bösendorfer yaikulu ija akukunamizani.

Komabe ndaima kumbali ya vinyl, ndipo chifukwa chake n'chovuta chomwecho. Mbale imakudzutsa katatu. Sungaisiye ikulira uku ukutsuka mbale zinazo kukhitchini. Ikatha imakhala chete mpaka ubwere. Pa foni, nyimboyi imakutumikira. Pa galamafoni, ndiwe amene umaitumikira, ndipo chimbale chimene chinasanduka chokongoletsa chipinda chimabwereranso kukhala konsati ya ola limodzi ndi mphindi zochepa, yofuna kuti munthu akhale pansi.

Palinso china. Mu 2018 Jarrett anadwala sitiroko kawiri, ndipo mbali yake yamanzere inafooka. Dzanja lomwe linanyamula usiku wa ku Cologne silingaimbenso choncho. Kumvetsera Part IIa ukudziwa zimenezi, dzanjalo likukhoma kayimbidwe kake osapuma, mtima umachita kulemera.

Ndiye mugule? Ngati muli ndi CD ndipo mumatha kukhala chete ola lathunthu, sungani ndalama zanu. Koma ngati mwachimva kambirimbiri ndipo simungakumbukire mmene Part IIb imathera, anzanga, mbali zinayizi zikukufunani.