Mlandu wa Ukwati ndi Mlandu wa Ndende

Akuru athu akakhala pabwalo kuweruza, nchito yao yoyamba inali kulekanitsa milandu. Munthu akadza ndi dandaulo la mbuzi yace nalisanganiza ndi la malire a munda, nduna zinkamletsa ndi kumuuza kuti ayambe watsiriza limodzi, pakuti milandu iwiri ikalowa m'thumba limodzi, wolakwa apulumuka ndipo wosalakwa alipa. Ndiyesa kuti nzeru imeneyi taitaya ife a m'dziko la Malawi pa nkhani ya amuna okhala ndi amuna anzao monga banja, ndi akazi ocita cimodzimodzi ndi akazi anzao. Nkhaniyi njolemera, ndipo kwathu kuno ku Ncheu ena aikamba monong'ona, ena moseka, ena mokwiya. Koma popeza yafika kale ku mabwalo akuru a Boma ndi ku misonkhano ya Mipingo, kuli bwino kuti ife Akristu a m'midzi tiiyese ndi mtima wofatsa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tiyambe takumbuka zimene zinacitika. M'mwezi wa Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anabadwa mwamuna koma adziyesa mkazi, anacita cinkhoswe pa Chirimba ku Blantyre. Patapita masiku owerengeka anagwidwa, ndipo pa 20 Meyi 2010 woweruza Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukhala m'ndende zaka 14 pa nchito ya kalavula gaga. Pa 29 Meyi Mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika anawamasula, atangoonana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkuru wa bungwe la maiko onse. Cilamulo cimene anawaweruza naco ciri m'buku la milandu ndi zilango limene linayamba kugwira nchito mu 1930, dziko lino likali Nyasaland: ndime 153 ipereka zaka 14, ndime 156 zaka 5. Mu 2011 Boma linaonjeza ndime 137A yolanga akazi ndi zaka 5. Kenaka mu 2015 kunadza cilamulo cina, ca maukwati ndi mabanja, conena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi basi.

Tapenyani bwino pamenepa, abale: zilamulo ziri ziwiri. Cina citseka khomo la ukwati, cina citsegula khomo la ndende.

Pa 13 Julayi 2023 atsogoleri a Mipingo ndi a Cisilamu anatsogolera makamu a anthu kuyenda m'miseu ya m'mizinda, ndipo mau amene anamveka koposa anali akukana ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Koma mlandu umene unali pabwalo masiku amenewo sunali wa ukwati. Jan Willem Akster wa ku Holland ndi Jana Gonani, amene bwalo la ku Mangochi linamlamula zaka 8 mu 2021, anapempha oweruza kuti ayese ndime za zilango zija ngati zigwirizana ndi cilamulo cacikuru ca dziko. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anakana pempholo, nanena kuti wofuna kusintha ndimezo apite ku Nyumba ya Malamulo. Ngakhale akadabvomera, cilamulo ca maukwati ca 2015 cikadakhala ciri pomwepo, ndipo palibe mbusa amene akadakakamizidwa kudalitsa cimene cikhulupiriro cace cikana. Pano ndipo pagona cifukwa canga codandaulira: anthu oona mtima ambiri anayenda padzuwa poyesa kuti acinjiriza ukwati, pamene cimene cinali pa muyeso cinali ndende. Amene anawaitana akadacita bwino kuwamasulira milandu iwiriyi padera padera.

Za ukwati ndinena maganizo anga osabisa. Pakati pa ife, Angoni ndi Acewa omwe, ukwati suli cinthu ca anthu awiri okha. Ankhoswe a kucimuna ndi a kucikazi akomana, mabanja awiri alumikizana, mkamwini apatsidwa malo ndi munda, ndipo mbumba iyembekeza ana. Mpingo unapeza mwambo umenewu nuuyeretsa, nuphunzitsa kuti ukwati ndi pangano la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi pamaso pa Mulungu. Ine ndigwira ciphunzitso cimeneci, ndipo sindipempha Mpingo wathu kucisiya. Mabishopu a Cikatolika a m'Malawi nawonso, m'Disembala 2023, analetsa ansembe ao kudalitsa anthu otere monga banja, ngakhale kalata yocokera ku Roma inali itatsegulako pang'ono. Mpingo uli ndi ufulu wosunga khomo lace, ndipo munthu wakunja asaulande ufuluwo.

Koma za ndende ndi zina. Tiyeni tidzifunse momwe ticitira ndi macimo ena. Mkristu akagwa m'cigololo, akatenga mitala, kapena akagonja ndi kacasu, akuru a Mpingo amcezera, amcenjeza, amletsa kudya Mgonero, namdikira kuti alape. Kodi tinamvapo mkuru wa Mpingo alikuthamangira ku polisi kuti wacigololo amangidwe zaka 14? Iai. Ndipotu cigololo capasula mabanja ambiri m'midzi mwathu, ndi kusiya ana amasiye osawerengeka, koposa cinthu cimene tirikukamba pano. Wamitala ayenda mfulu, nakhala ngakhale nduna ya mfumu. Nanga bwanji pa chimo limodzi lokha tibwereka ndodo ya Boma? Ndiopa kuti cifukwa cace nciti: cigololo ndi mowa ndi macimo athu, tiwadziwa, ndipo tiwacitira cifundo, koma ili tiliyesa la anthu ena, cotero tilikwiyira popanda mtengo uli wonse kwa ife. Ambuye wathu, pamene anamtengera mkazi wogwidwa m'cigololo, sanayamikire chimo lace, komanso sanalole mwala kuponyedwa. Zinthu ziwirizo zikhoza kukhala mumtima umodzi.

Ndisamveke molakwa. Munthu wogwirira mnzace, kapena woipsa mwana, kaya wamwamuna kaya wamkazi, ayenera cilango cowawa, ndipo mphunzitsi kapena bwana wonyenga anyamata okhala m'manja mwace alangidwe koposa. Pamenepo pali wolira, pali wopwetekedwa. Cimene ndifunsa ndi ca akuru awiri amene anabvomerezana, osapweteka munthu wacitatu. Ndende siinatembenuze mtima wa munthu ndi kale lonse. Kutembenuza ndi nchito ya Mau ndi Mzimu.

Ambiri anena kuti zonsezi nzacilendo, zobwera ndi Azungu. Mau amenewa ali ndi mbali ziwiri. Cilamulo comanga anthuwa naconso cinabwera ndi Azungu. Cinalembedwa ndi Boma la Angerezi, lomwe lija linapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896. Eni ace anacifafaniza kwao ku England mu 1967, ife tatsala tirikucisunga ngati cuma ca makolo. Ndiponso mcitidwe umene anthu auchula mathanyula sunayambe ndi wailesi kapena lamya za m'manja. Mu 1907 Boma la Transvaal linafufuza za amuna a m'makomponi a migodi amene ankatenga anyamata monga akazi ao, ndipo machona obwera ku Joni ankazidziwa zimenezi, kungoti sankazikamba pamaso pa ana.

Tisapite kutali. Mseu waukuru wopita ku Dedza, pa Lizulu ndi pa Biriwiri, uyenda m'malire a dziko lathu ndi Mozambique. Tsidya lace kuli Angonia, kumene kuli abale athu a mtundu umodzi ndi cinenero cimodzi, amene tigulana nao mbatata ndi kabichi pamsika umodzi. Kumeneko Boma linacotsa mu 2015 ndime zakale za Apwitikizi zolanga mcitidwewu, koma silinalole ukwati wa amuna okhaokha. Machalichi a ku Angonia sanatsekedwe, ankhoswe akali kukomana, ana akali kubadwa. South Africa ndiyo inapita patsogolo nilola maukwati otere mu 2006, ndipo Uganda inapita mbali yina niika cilango ca imfa pa milandu ina yotere mu 2023. Njira siziri ziwiri zokha, monga ena atiuzira. Anansi athu a tsidya la mseu aonetsa kuti dziko likhoza kutseka khomo la ndende osatsegula khomo la ukwati.

Tsopano ndidzudzule mbali inayo, pakuti nayonso iri ndi mlandu. Mu 2011 David Cameron, nduna yaikuru ya Britain, anaopseza kuti maiko osunga zilamulo zotere akhoza kucepetsedwa thandizo. Mau otere anaononga zambiri. Munthu waumphawi ukamuuza kuti asinthe mtima kuti alandire ufa, adzatenga ufawo nadana nawe. Ndiponso kumasulidwa kwa Monjeza ndi Chimbalanga tsiku lomwelo la ulendo wa mlendo wamkuru kunaphunzitsa anthu kuti cifundo ndi katundu wocokera kunja, cinthu cocitira manyazi alendo. Amene analipa mtengo wace ndi anthu omwe alendowo anati alikuwathandiza, pakuti tsopano anayamba kuchedwa ogulitsa dziko. Ena mwa olankhulira ufulu wa anthu nawonso alakwa poyesa wopemphera ali yense ngati mbuli yodana ndi anzace. Munthu sumkopa pomnyoza.

Boma lathu nalo layenda mokayika. Mu 2012, m'nthawi ya Joyce Banda, kunalengezedwa kuti kumanga anthu pa ndimezi kwaimitsidwa. Mu 2015 nduna ya zacilungamo inabwerezanso mauwo. Mu 2016 bwalo lalikuru la ku Mzuzu linati kuimitsako kulekeke. Cilamulo cogona lero ndi kudzuka mawa ciri ngati njoka ya m'udzu. Cipatsa mphamvu munthu woipa kuopseza mnzace kuti amuulula akapanda kumpatsa ndalama, ndipo cicititsa wodwala kuopa cipatala. Ife amene taika abale ambiri m'manda cifukwa ca Edzi tidziwa kuti nthenda yobisidwa siikhala pa munthu mmodzi. Mnyamata woopa kuyezetsa magazi, amene makolo amkakamiza kukwatira kuti anthu aleke kunena, atengera nthendayo kwa mwana wamkazi wa mnzathu, wosalakwa konse.

Cilamulo cacikuru ca dziko, ca 1994, cinena pa ndime 19 kuti ulemu wa munthu usaphwanyidwe, ndi pa ndime 20 kuti anthu onse alingana pamaso pa lamulo. Kulinganaku sikutanthauza kuti zocita zonse za anthu nzabwino. Kutanthauza kuti munthu akamenyedwa, polisi alembe dandaulo lace osamseka. Akadwala, namwino ampatse mankhwala osamcititsa manyazi. Akalakwa, aweruzidwe pabwalo, osati ndi gulu la anthu onyamula miyala ndi zibonga. Ufulu umenewu ndi womwewo umene ucinjiriza nkhalamba yonenezedwa ufiti, ndi Mkristu wokhala pakati pa anthu a cipembedzo cina. Tikaubowola kuti mmodzi agwe, tonse tidzagwera pa cibowo comweco. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Oweruza anabweza nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, ndiko kunena kuti anaibweza kwa ife amene tisankha aphungu. Cifukwa cace ndipempha abusa, akuru a Mpingo, amai a Cigwirizano ndi aphunzitsi anzanga kuti poikamba tilekanitse milandu monga ankacitira makolo. Pa ukwati tiime pamene Mpingo uima. Pa ndende tifunse ngati zaka 14 ndi cilungamo. Ndipo pa munthu mwini, tikumbuke kuti iye sali mlendo wocokera kutsidya la nyanja: ali ndi mai wace, ali ndi malume ace, kapena anabatizidwa m'chalichi mwathu momwe, naphunzira kuwerenga pa sukulu yathu. Akathawa kwao cifukwa ca mantha nakasokera ku Blantyre kapena ku Joni, tidzayankha ciani za nkhosa imene tinaipitikitsa tokha?