Cilombo cobwera kudzafunsa coonadi

Mwana akamadwazika mayi wake kwa miyezi yambiri, kodi alakwa ngati mtima wake watopa n'kuyamba kufuna kuti zonse zithe? Ili ndi funso la buku la ana lomwe Patrick Ness analemba m'Cingelezi mu 2011, A Monster Calls. M'Cipwitikizi dzina lake ndi Sete Minutos Depois da Meia-Noite. Mwini ganizo anali mlembi wina, Siobhan Dowd, amene anamwalira ndi khansa mu 2007 asanalilembe.

Conor O'Malley ndi mnyamata wa zaka 13 wa ku England. Mayi ake akudwala khansa, ndipo bambo ake ali ku America ndi banja lina. Kumanda a pafupi ndi nyumba yawo kuli mtengo wakale wa yew, mtengo wapoizoni umenenso amapangira mankhwala a khansa. Pa mphindi 7 kucokera pakati pa usiku mtengowo umasanduka cilombo n'kubwera pazenera la Conor. Cikumuuza kuti cidzamusimbira nthano zitatu, koma yacinayi adzasimba yekha, ndipo iyenera kukhala yoona.

Nthano za cilomboci si zonga za kalulu, momwe wolakwa amadziwika msanga. Mu nthano yaciwiri, mbusa amalalikira monyoza sing'anga waumbombo n'kumumana mtengo wa mankhwala. Ana ake aakazi awiri atadwala, mbusa akupita kukagwada kwa sing'anga uja, nalonjeza kusiya zonse zimene amalalikira. Sing'anga akukana, ana akumwalira, ndipo cilombo cikugwetsa nyumba ya mbusa, osati ya sing'anga. Conor akukwiya, ndipo wowerenga nayenso akhoza kukwiya. Mlembi wacita dala: akumuzoloweza mwanayo kuti munthu mmodzi angakhale ndi zabwino ndi zoipa nthawi imodzi.

Phunziroli akulifuna pa nthano yacinayi. Usiku ndi usiku Conor amalota atagwira manja a mayi ake pamphepete mwa phompho, kenako mayiwo n'kugwa. Comwe amabisa n'cakuti m'malotomo amawataya yekha, cifukwa watopa ndi kudikira. Amadziyesa wakupha, ndipo amafuna cilango. Ataswa katundu m'cipinda cocezera ca agogo ake, ndiponso atamenya mnzake wa kusukulu Harry mpaka kugonekedwa m'cipatala, palibe womulanga. Cifundo cimeneco cimamupweteka kuposa ndodo. Cilombo cikumuonetsa kuti kufuna kuti kuzunzika kuthe si kufunira mayi imfa, ndipo munthu amayesedwa ndi zocita zake, osati ndi ganizo lodutsa mumtima.

Apa ndi pamene pali mphamvu ya bukuli. Silinamiza mwana. Mankhwala a mtengo uja sakuciritsa mayi, ndipo akuluakulu onse amene amati zikhala bwino anangomuwonjezera katundu.

Zofooka ziliponso. Kumapeto cilombo cimalongosola kwambiri, ngati mphunzitsi amene sakhulupirira kuti ana amva. Bambo ake a Conor sanajambulidwe mokwanira: amabwera, amapepesa, amapita. Wowerenga wa kumudzi adzadabwanso kuona nyumba ya matenda ili zii, popanda azakhali kapena anansi odzazonda. Koma tisafulumire kunena kuti kwathu sizingacitike. Pakhomo pakhoza kudzaza anthu, mwana amene amatunga madzi ndi kuphikira wodwala phala osafunsidwa n'kamodzi komwe za mumtima mwake.

Mu 2012 bukuli linapata mphoto ya Carnegie, ndipo zithunzi zake zakuda bii za Jim Kay zinapata ya Kate Greenaway. Linali buku loyamba kutenga zonse ziwiri. Aphunzitsi ndi makolo amene angalipeze m'Cipwitikizi, musangomupatsa mwana wofedwa kuti awerenge yekha. Werengani naye pang'onopang'ono, ndipo akafuna kunena zake, musamudule mawu.