Kuona Maso a Nkhono m'Kabokosi ka Siemens

Mu June 2010, kampani yaing'ono ya ku Belarus yotchedwa VirusBlokAda idapeza vairasi yachilendo pa makompyuta a kasitomala wake wa ku Iran. Vairasiyo, yomwe idadzatchedwa Stuxnet, inkayenda pa flash disk, ndipo inkalowera pa mipata inayi ya mu Windows imene inali isanatsekedwe. Akatswiri ambiri adagoma ndi mipatayo. Koma Ralph Langner, katswiri wa makina a m'mafakitale wa ku Hamburg, mtima wake udali pena: wakuba wathyola zitseko zinayi, nanga m'nyumbamo akudzatengamo chiyani?

Langner ankawadziwa bwino ma PLC, timabokosi timene timalamula mapampu, mavalavu ndi mamota m'fakitale. Ataona kuti Stuxnet ikusakasaka pulogalamu ya Siemens yotchedwa Step 7, iye ndi anzake adalumikiza ma PLC enieni mu ofesi yawo, n'kuikamo vairasiyo dala, iwo n'kukhala pambali kumaonerera. Vairasi idafika pa kabokosi, idafufuza, kenako idangokhala phee. Wina akadati msampha wagwa pachabe. Langner adaona kuti kukana nyambo kumeneku ndiye yankho. Chinthucho sichinkafuna fakitale iliyonse. Chinkafuna imodzi yokha padziko lonse, ndipo maonekedwe a fakitaleyo adali olembedwa m'mimba mwake.

Apa m'pamene luso lake limandigwira mtima. Adayamba kuwerenga malamulo a vairasiyo monga mlenje amawerengera mapazi a nyama m'dambo. Mapaziwo adali manambala. Mu gawo lolimbana ndi kabokosi ka S7-417 munkabwerabwera magulu 6 a zinthu 164. Akatswiri a ku kampani ya Symantec, Liam O'Murchu, Eric Chien ndi Nicolas Falliere, adapezanso kuti gawo la S7-315 limasankha mamota othamanga pakati pa 807 ndi 1,210 Hz, n'kuwakweza kufika pa 1,410 Hz, nthawi ina n'kuwatsitsa mpaka 2 Hz. Makina othamanga chotere ndi ochepa kwambiri.

Mu September 2010 Langner adayamba waloza chala ku Bushehr, ku Iran, kumene kuli fakitale ya magetsi a nyukiliya. Manambala atamutsutsa, sadaumirire. Ku Natanz, m'dziko lomwelo, makina ozungulira oyeretsera yureniyamu ankawalumikiza m'magulu a 164. Adafika pounika zithunzi zimene boma la Iran lidafalitsa Pulezidenti Mahmoud Ahmadinejad atayendera malowo mu 2008, n'kumayerekeza zooneka pa masikirini a m'zithunzizo ndi zimene zidali mu vairasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwenikweni n'kulola umboni kukubweza pamene wasochera.

Chimene adavundukula m'kati chidali choopsa kuposa mipata ya mu Windows ija. Stuxnet inkalowa pakati pa injiniya ndi kabokosi, moti injiniya akatsegula pulogalamu ankaona yakale yabwinobwino, zoipazo zitabisika. Gawo la S7-417 linkajambula zimene zida zoyezera zikuonetsa kwa masekondi 21, n'kumabwereza zomwezo pa sikirini pamene mavalavu akusokonezedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu lipoti lake la 2013 lotchedwa To Kill a Centrifuge, Langner adatsindika mfundo imene imandikhalabe m'mutu. Pa kabokosipo, vairasi sidafunike kuthyola loko, chifukwa lokoyo padalibe. Ma PLC a nthawi imeneyo adapangidwa kuti azimvera aliyense wolankhula chilankhulo chawo, osafunsa kuti wamutuma ndani. Kuchotsa fakitale pa intaneti sikudathandize, poti flash disk ndi laputopu ya munthu wodzakonza makina zimalowa pageti masana dzuwa likuswa mtengo.

Njira zodzitetezera zimachokera m'kawerengedwe kake komweko. Dziwani kabokosi kalikonse kamene muli nako ndi zimene zili m'kati mwake. Sungani pulogalamu yoona pamalo ena, muziiyerekeza kawirikawiri ndi imene ikuyendetsa makina. Laputopu ndi flash disk za alendo ziziyamba zaunikidwa zisanakhudze chilichonse. Patulani netiweki ya mu ofesi ndi ya makina. Koposa zonse, pakhale geji ina yosadutsa pa kompyuta, kuti sikirini ikanama pakhale mboni yoitsutsa.

Ambiri amatama amene adapanga Stuxnet. Ine ndimatama amene adaimasula. Opangawo ankaidziwa kale bwino fakitaleyo, pamene Langner adayamba ndi kabokosi kamene vairasi idakana kukhudza. Adafunsa chifukwa chake, ndipo funso limenelo lidamuyendetsa kuchoka ku Hamburg mpaka ku Natanz osanyamuka pampando.