Kafukufuku wa magazi asamathere pakhomo la wodi

Munthu akachitidwa opaleshoni, ma enzyme ena amachuluka m'magazi mwake. Creatine kinase imatuluka m'minofu yomwe yadulidwa, imakwera kwambiri pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, kenaka n'kutsika yokha. ALT ndi AST, zomwe zimasonyeza momwe chiwindi chilili, nazonso zimatha kukwerako pang'ono. Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi amafotokoza bwino zimenezi, ndipo amathandiza dokotala kuti asathamangire kupereka mankhwala atangoona nambala zakwera.

Pofooka pake ndi apa: magazi amayezedwa wodwala adakali m'wodi, akangotulutsidwa nkhani yatha. Mayi wa ku Mwazisi amene wabereka kudzera pa opaleshoni ku chipatala cha boma cha Rumphi amabwerera kumudzi patangopita masiku ochepa. Chonsecho kuonongeka kwa chiwindi kobwera ndi halothane, mpweya wogonetsa womwe zipatala za m'Malawi zagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, kumatha kuonekera patatha sabata imodzi kapena ziwiri, makamaka kwa amene adagonekedwa nawo kale posachedwa. Sikuchitika kawirikawiri, koma kumapha.

Chinanso, ofufuza amakonda kusankha odwala amene chiwindi chawo chinali bwino. Kumudzi amene akupita ku opaleshoni akhoza kukhala akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu monga isoniazid, ali ndi hepatitis B, kapena amamwa kachasu. Zonsezi zimakweza ALT. Ngati magazi sadayezedwe opaleshoni isadachitike, nambala yokwera siinena komwe vuto lachokera.

Pa chipatala chaching'ono ngati cha Mwazisi, amene amayamba kuona vutoli ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena volontiya. Wodwala amene wachitidwa opaleshoni m'mwezi womwewo akayamba kutentha thupi, kusanza, maso achikasu kapena mkodzo woderapo ngati tiyi, atumizidwe ku Rumphi tsiku lomwelo, tsiku la opaleshoni litalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Asangopatsidwa panado wina, chifukwa panado akachuluka amaononganso chiwindi. Ayezedwe malungo, ndipo poti derali lili pafupi ndi Vwaza, kaodzera asaiwalike.

Kafukufuku wothandiza Mwazisi ndi amene angayeze magazi opaleshoni isadachitike, n'kutsatira wodwalayo mpaka kumudzi kwa mwezi wathunthu.